Munthu wamkulu wa autism akayamba kulusa: kodi mankhwala abwere liti, ndipo ati?

M'chaka cha 2025 aphungu a Nyumba ya Malamulo anavomereza lamulo latsopano loona za umoyo wa m'maganizo, lolowa m'malo mwa lamulo la atsamunda la 1948 lomwe dziko lino lakhala likugwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 70. Chaka cham'mbuyo mwake, mu 2024, lamulo latsopano la anthu aulumali linayamba kugwira ntchito, ndipo bungwe la MACOHA linasintha kukhala MACODA. Malamulo awiriwa akutsindika mfundo imodzi, yoti munthu amene ubongo wake umagwira ntchito mosiyana ndi wa anzake ali ndi ufulu ndi ulemu ngati wina aliyense.

Koma lamulo siliyenda lokha kukafika pakhonde la nyumba ya kwa Mkhumba, m'boma la Phalombe. Tiyerekeze kuti pakhondepo pali mayi wa zaka za m'ma 60 amene akusamala mwana wawo wamwamuna wa zaka 28. Mnyamatayu salankhula mawu ambiri, sadya nsima ikaikidwa m'mbale ina yosiyana ndi yake, ndipo masabata atatu apitawa wayamba kudziluma dzanja, kukuwa usiku komanso kukankha aliyense womuyandikira. Banjali ndi longoyerekeza, koma amene anakulira kumudzi alizindikira. Ali wamng'ono mayi ake ankangomunyamula n'kupita naye kuseri kwa nyumba mpaka mtima utsike. Lero ndiye wamphamvu kuposa onse pakhomopo. Achibale akamakambirana madzulo, njira zomwe zimatchulidwa zimakhala zinayi: chingwe, sing'anga, mapemphero, kapena mapiritsi ogonetsa a kuchipatala.

Nkhani ino ikuyang'ana kwambiri njira yachinayiyo. Mankhwala ali ndi malo ake, ndipo nthawi zina amapulumutsa moyo. Koma umboni woti amathandiza akuluakulu a autism ndi wochepa kusiyana ndi momwe anthu ambiri amaganizira, ndipo sayenera kukhala chinthu choyamba kuchita.

Autism sitha munthu akakula

Autism si misala, si ufiti, komanso si chilango cha makolo. Ndi mmene ubongo wa munthu unakulira kuyambira ali m'mimba ndi ali khanda. Zizindikiro zake zimaoneka pa kalankhulidwe ndi kachezedwe, pa kukonda kuchita zinthu mobwerezabwereza ndi mwa dongosolo lomwelomwelo, komanso pa mmene munthu amamvera phokoso, kuwala, fungo kapena kukhudzidwa. Ena amaphunzira mpaka kuyunivesite n'kukwatira. Ena salankhula moyo wawo wonse ndipo amafunika wowasamala tsiku lililonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Phalombe muli anthu oposa 400,000, ndiye aliyense akhoza kudziwerengera yekha kuti nkhaniyi si ya mabanja awiri kapena atatu ayi.

Pa 2 April chaka chilichonse, tsiku lokumbukira za autism padziko lonse, zithunzi zomwe timaona ndi za ana. Koma anawo amakula. Donald Triplett, woyamba pa ana 11 omwe dokotala Leo Kanner anawafotokoza mu 1943 pamene ankalongosola za autism, anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89, atagwira ntchito zaka zambiri kubanki ya m'tauni yakwawo ku Mississippi. Kuno kwathu akuluakulu ambiri a autism sanayezedwepo n'komwe. M'buku lawo la kuchipatala, ngati lilipo, mumalembedwa za khunyu, za kugona mutu kapena za misala. Dzina lolakwika limakoka mankhwala olakwika.

Kulusa kumakhala ndi chifukwa

Achipatala akamanena za kukwiya msanga pa autism amatanthauza zinthu zingapo: kupsa mtima mwadzidzidzi, kukuwa kosatonthozeka, kumenya ena, kuswa zinthu ndi kudzivulaza, monga kudzimenyetsa mutu kukhoma. Khalidweli si autism yeniyeniyo. Ambiri a autism salusa. Likayamba kapena likakula mwa munthu amene anali wodekha, funso loyamba n'lakuti chasintha n'chiyani.

Malangizo omwe bungwe la NICE la ku England linatulutsa mu 2012 okhudza akuluakulu a autism akunena kuti musanayambe chithandizo chilichonse cha khalidwe lotere, fufuzani kaye matenda a m'thupi, ululu, matenda ena a m'maganizo, vuto la kulankhulana, komanso zomwe zasintha pamalo pamene munthuyo amakhala. Malangizowa analembedwera dziko lolemera, koma gawo limeneli silifuna makina. Munthu wosatha kunena kuti “dzino likundipweteka” amanena ndi thupi. Dzino lobowoka, khutu lotuluka mafinya, kudzimbidwa kwa masiku anayi, kutentha pa chifuwa, mkodzo wowotcha, mphere, likodzo, malungo amene angoyamba kumene, ululu wa kumwezi kwa amayi, zonsezi zikhoza kuoneka ngati “misala yakula”. Khunyu limapezekanso kawirikawiri mwa anthu a autism kusiyana ndi anthu ena, ndipo si khunyu lonse limene limagwetsa munthu pansi. Lina limangomuzunguza mutu kwa kanthawi, akatsitsimuka n'kukhala wokwiya.

Palinso njala ndi tulo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pomwe mabanja ambiri amadya kamodzi patsiku, munthu amene anazolowera phala m'mawa sangamvetse chifukwa chake phalalo kulibe. Munthu amene wagona maola atatu okha kwa sabata yathunthu amakwiya, kaya ali ndi autism kaya alibe.

Chinanso ndi kusintha kwa zinthu pakhomo. Maliro, kusamuka kwa mchemwali amene ankamumvetsa, mlamu watsopano, chigayo kapena malo oonetsera mafilimu amene atsegulidwa pafupi, ana a sukulu amene apeza masewera omuseka podutsa. Anthu a ku Phalombe sakufunika kuuzidwa zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Marichi 2023, pomwe anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kummwera anasowa pokhala ndipo ambiri anakaunjikana m'makalasi ndi m'matenti. Kwa munthu amene mtima wake umakhazikika chifukwa chogona pamphasa yomweyo ndi kudyera m'mbale yomweyo, msasa wodzaza anthu ndi chizunzo chachiwiri pamwamba pa choyambacho. Ndipo tisabise: nthawi zina chimene chasintha n'chakuti wina akumumenya kapena kumugwiririra, makamaka akakhala mtsikana kapena mayi wosatha kufotokoza. Kumupatsa mapiritsi ogonetsa pamenepo ndi kutseka pakamwa mboni.

Chida chothandiza kwambiri pakufufuzaku ndi kope wamba ndi cholembera. Nthawi iliyonse munthuyo akalusa, wina alembe zinthu zitatu: chinachitika n'chiyani asanayambe, anachita chiyani, ndipo anthu anachita chiyani pambuyo pake. Pakatha masabata awiri, kopelo limaonetsa zomwe maso otopa sanaone. Mwina zimachitika nthawi zonse chakudya chikachedwa, kapena tsiku la msika, kapena akabwera munthu wina wake. Kenako mumasintha chomwe chingasinthike: kumuchenjeza zinthu zisanasinthe, kumupatsa malo abata oti azithawirako, kumuphunzitsa chizindikiro cha dzanja kapena chithunzi chonena kuti “ndatopa” kapena “ndikumva kuwawa”, kumupatsa ntchito yomwe amaikonda monga kutunga madzi, kusenda chimanga kapena kudyetsa mbuzi. Akayamba kulusa, anthu achepe, mawu achepe, mipeni ndi makasu zichotsedwe, ndipo pasakhale womuunjirira. Amene amalankhula afunsidwe yekha chimene chikumusautsa. Zimadabwitsa kuti achibale, ngakhalenso achipatala, amatha kukambirana za munthu wa zaka 40 iye ali pomwepo osamufunsa kanthu.

Kodi kafukufuku akuti chiyani za mankhwala?

Palibe mankhwala ochiza autism. Amene akugulitsa zitsamba, mavitamini kapena madzi odalitsidwa ponena kuti amachotsa autism akungokudyerani ndalama. Omwe alipo ndi mankhwala ochepetsa kulusa, ndipo odziwika kwambiri ndi awiri. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza risperidone mu 2006 kuti azigwiritsidwa ntchito pa vutoli mwa ana a zaka 5 mpaka 16, ndipo mu 2009 linavomereza aripiprazole kwa a zaka 6 mpaka 17. Taonani zakazo. Chilolezocho ndi cha ana ndi achinyamata. Dokotala akamapereka mankhwalawa kwa munthu wamkulu wa autism chifukwa cha kulusa, amakhala akutengera zomwe zinaoneka mwa ana komanso nzeru zake. Zimenezi n'zololedwa pa ntchito ya udokotala, koma banja liyenera kudziwa.

Mwa ana umboni ndi wamphamvu ndithu. Kafukufuku wa mu 2002 wa ana 101 anapeza kuti patatha masabata 8, ana 69 pa 100 alionse omwe ankamwa risperidone anasintha kwambiri, poyerekeza ndi 12 pa 100 mwa omwe ankamwa mapiritsi opanda mankhwala. Koma m'masabata omwewo omwa risperidone ananenepa ndi makilogalamu pafupifupi 2.7, pomwe anzawowo anangowonjezera 0.8.

Mwa akuluakulu, kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri ndi wa Christopher McDougle ndi anzake wa mu 1998, ndipo munali anthu 31 okha. Mwa anthu 14 amene anamwa risperidone kwa nthawi yokwanira kuyezedwa, 8 anasintha, pomwe mwa 16 omwe anamwa mapiritsi opanda mankhwala palibe amene anasintha. N'zolimbikitsa, koma anthu 31 sakwana ngakhale kalasi imodzi ya pulayimale.

Ndiye pali kafukufuku wina amene aliyense wolemba mankhwalawa ayenera kumudziwa. Mu 2008 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza zomwe Peter Tyrer ndi anzake anapeza mwa akuluakulu 86 omwe anali ndi ulumali wa kaganizidwe komanso khalidwe lomenya ena. Anawagawa patatu: ena risperidone, ena haloperidol, ena mapiritsi opanda mankhwala. Patatha masabata 4 kumenya kunachepa m'magulu onse atatu, ndipo kunachepa kwambiri mwa omwe sanamwe mankhwala enieni. Ambiri mwa anthuwa sanali a autism, choncho sitinganene kuti nkhani yathera pamenepo. Koma phunziro lake n'lomveka. Mabanja amapita kuchipatala vuto likafika pachimake, ndipo chilichonse chimene chafika pachimake chimatsika. Komanso munthu akayamba kuyang'aniridwa bwino amadekha. Piritsi limene laperekedwa sabata imeneyo limalandira ulemu wa ntchito yomwe silinagwire, kenako limamwedwa zaka khumi.

Ku England anaona vuto limeneli ndi maso. Mu 2015 bungwe la Public Health England linayerekeza kuti akuluakulu pakati pa 30,000 ndi 35,000 omwe ali ndi ulumali wa kaganizidwe ankapatsidwa mankhwala a matenda a m'maganizo popanda chifukwa chokwanira cha chipatala, ndipo mu 2016 anayambitsa ndondomeko ya STOMP yochepetsa mchitidwewu. Ngati zinachitika kumene akadaulo ali ambiri, nanga kuno?

Zomwe zimapezeka pawindo la mankhwala

Banja la kwa Mkhumba likaganiza zopita kuchipatala, limayambira pachipatala chaching'ono chapafupi, kenako chipatala chachikulu cha boma cha John Chilembwe ku Migowi chomwe chinatsegulidwa mu 2022, kapena chipatala cha mishoni cha Holy Family. Zikavuta kwambiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Madokotala akadaulo a matenda a m'maganizo m'dziko muno ndi owerengeka ndipo amapezeka m'mizinda. M'maboma ntchitoyi ili m'manja mwa anamwino ndi ma clinical officer amene anaphunzira za matendawa, ndipo nthawi zambiri amaona mzere wautali pa tsiku limodzi.

Apa ndiye pali mpata pakati pa kafukufuku ndi moyo weniweni. Risperidone ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO kuyambira 2013, koma m'zipatala za boma za m'maboma mankhwala amene amapezeka kawirikawiri ndi akale: chlorpromazine, amene ambiri amangoti CPZ, haloperidol, jakisoni wa pamwezi wa fluphenazine, ndi mankhwala a khunyu monga carbamazepine, sodium valproate ndi phenobarbitone. Aripiprazole ndi wa m'mafamase a m'tauni, pa mtengo umene mlimi wa nandolo sangaukwanitse mwezi ndi mwezi. Choncho n'zotheka kuti munthu wa autism alandire mankhwala osati chifukwa ndi oyenera, koma chifukwa ndi amene alipo.

Mankhwala aliwonse ali ndi mtengo wake m'thupi. Risperidone amawonjezera chilakolako cha chakudya, amanenepetsa, akhoza kukweza shuga ndi mafuta m'magazi, kusokoneza msambo, ndi kutulutsa mkaka m'mawere ngakhale mwa amuna. Chlorpromazine amagonetsa, amachititsa chizungulire munthu akaimirira, amadzimbitsa, amapangitsa khungu kupsa ndi dzuwa, komanso akhoza kudzutsa khunyu. Haloperidol ndi fluphenazine amaumitsa thupi, amanjenjemeretsa manja, nthawi zina amapotoza khosi ndi kutembenuza maso. Akamwedwa zaka zambiri, mankhwala a gulu lonseli akhoza kusiya milomo ndi lilime zikuyenda zokha, ndipo vutoli silitha nthawi zonse ngakhale mankhwala atasiyidwa.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna kukhalapo pang'ono. Mankhwalawa amatha kubweretsa kusakhazikika kwa m'miyendo ndi m'thupi, komwe achipatala amati akathisia. Munthu amalephera kukhala pansi, amangoyendayenda, mtima uli m'mwamba. Wolankhula amanena kuti “thupi langa silikundipatsa mtendere”. Wosalankhula amangolusa kuposa kale. Banja limabwerera kuchipatala kukanena kuti mankhwala achepa mphamvu, mlingo umakwezedwa, vuto limakula. Chimodzimodzi kudzimbidwa: piritsi loperekedwa chifukwa cha kulusa limabweretsa ululu wa m'mimba umene umawonjezera kulusako. Khalidwe likaipiraipira mankhwala atangoyambidwa kapena atangowonjezedwa, ganizirani mankhwalawo poyamba.

Chizindikiro choopsa kwambiri ndi thupi kutentha pamodzi ndi kuuma ngati thabwa, thukuta ndi kusokonezeka mutu. Sizichitikachitika, koma zimapha, ndipo kuno n'zosavuta kuziyesa malungo. Munthu wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo woperekeza anene dzina la mankhwala amene akumwa.

Mankhwala a khunyu ndi ofunika kwa amene ali ndi khunyu. Koma malangizo a NICE aja akuti asamaperekedwe mwachizolowezi pofuna kungochepetsa kulusa mwa akuluakulu a autism. Kwa ife pali zifukwa zina zowonjezera. Sodium valproate akamwedwa ndi mayi woyembekezera, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 10 amabadwa ndi chilema, ndipo enanso ambiri amachedwa kukula m'nzeru. Anthu amaganiza kuti mayi wa autism sangatenge mimba, koma amatenga. Carbamazepine amafooketsa njira zina zolera monga mapiritsi ndi ya pamkono, amachepetsa mphamvu ya dolutegravir amene ali m'ma ARV omwe Amalawi ambiri akumwa kuyambira 2019, komanso amachepetsa mphamvu ya risperidone yemweyo. Amene ali pa ma ARV ayenera kunena, ngakhale asanafunsidwe. Diazepam ndi wothandiza pa ngozi ya tsiku limodzi, koma amazolowereka m'thupi ndipo ena amawalusitsa m'malo mowadekhetsa. Ogula mapiritsi ogonetsa pamsika kapena kupempha otsala kwa mnansi amene ali ndi wodwala misala akusewera ndi moyo wa munthu.

Nkhani imasintha ngati kufufuza kwapeza matenda ena enieni. Nkhawa ndi matenda okhumudwa n'zofala mwa akuluakulu a autism, ndipo ena amadwaladi misala ngati mmene munthu wina aliyense angadwalire. Zikatero matendawo amachizidwa ndi mankhwala ake, ndipo kulusa kumatsika chifukwa gwero lake lagwiridwa.

Mankhwala okhala ndi tsiku lowaunikanso

Ndiye mankhwala abwere liti? Pamene ululu ndi matenda zafufuzidwa, zosintha pakhomo zayesedwa koma sizikukwanira, kapena pamene khalidwelo lafika poti munthuyo kapena ena avulala kwambiri. Mayi amene akugona ndi mantha m'nyumba mwake sayenera kuuzidwa kuti adikire miyezi itatu akulemba m'kope. Pamenepo mankhwala ayambike, kufufuza kukupitirira.

Koma ayambike ndi pangano. NICE ikuti zotsatira ziunikidwe pakatha masabata 3 kapena 4, ndipo ngati pofika masabata 6 palibe kusintha kooneka, mankhwalawo asiyidwe. Mlingo uyambe wochepa, mtundu ukhale umodzi, ndipo aliyense adziwe khalidwe lenileni limene akufuna kuchepetsa, mwachitsanzo kudzimenyetsa mutu kuchoka kasanu patsiku kufika kamodzi. Kugona tsiku lonse si kuchira. Sikelo ilipo pachipatala chilichonse, choncho kulemera kwa thupi kulembedwe m'buku tsiku loyamba, ndipo shuga ndi kuthamanga kwa magazi ziyezedwe kumene zingatheke. Woperekeza ali ndi ufulu wofunsa kuti: “Adokotala, mankhwalawa dzina lake ndi chiyani, tiziyang'ana zotani, ndipo tidzaonanso liti ngati akufunikabe?” Ngati munthuyo amatha kumva ndi kusankha, chilolezo ndi chake, osati cha amalume ake. Amene wamwa kwa miyezi kapena zaka asasiye mwadzidzidzi. Mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono mothandizidwa ndi achipatala, zomwe zikutanthauzanso kuti mankhwala akatha pachipatala mwezi wina, banja limakumana ndi mavuto omwe silinawapange.

Apa ndi pamene malamulo atsopano aja adzayesedwere. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2020 bungwe la Human Rights Watch linapeza umboni wa anthu omangidwa maunyolo ndi zingwe chifukwa cha mavuto a m'maganizo m'mayiko 60, ndipo ena mwa omwe linawayendera ali ku Mozambique, dziko lomwe Phalombe imachita nalo malire. Kumanga munthu pamtengo n'kuphwanya ufulu wake, ndipo pasakhale kuzengereza ponena zimenezi. Koma mayi wa pakhonde uja samanga mwana wake chifukwa cha nkhanza. Amamanga chifukwa akufunika kupita kumunda ndipo palibe womusiyira. Lamulo likangoletsa chingwe popanda kubweretsa china, chingwecho chidzalowedwa m'malo ndi CPZ wa m'mawa ndi madzulo, amene saoneka kwa odutsa pamsewu.

Zomwe zingasinthe zinthu kwa Mkhumba si zodula kwenikweni. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene amafika kale pakhomo lililonse ndi katemera, akhoza kuphunzitsidwa kufunsa za dzino, chimbudzi ndi tulo asanatumize munthu ku chipatala cha matenda a m'maganizo. Ndondomeko ya mhGAP, yomwe WHO inayambitsa mu 2008 pofuna kuti ogwira ntchito zachipatala wamba azitha kuthandiza pa mavuto otere, ili kale ndi gawo la ulumali wa kakulidwe, ngakhale limayang'ana kwambiri ana. Ofesi ya zaumoyo ya boma ikhoza kuonetsetsa kuti risperidone ali pa mndandanda wa zomwe imaitanitsa ku Central Medical Stores Trust, ndiponso kuti buku la aliyense amene wayamba mankhwalawa lili ndi tsiku lodzamuunikanso. Mafumu ndi makomiti a Mtukula Pakhomo akhoza kukumbukira mabanja amene munthu mmodzi sapita kuganyu chifukwa akulondera mnzake. Ndipo mnyamata wa zaka 28 uja, amene wayamba kudziluma dzanja masabata atatu apitawa, wina amutsegule pakamwa n'kuunika ndi tochi ya foni asanamulembere chilichonse.